Kasitomala Wobweza Mbale

Kuhotela kumene ankagwira ntchito, anthu anaiwala kalekale dzina lake lenileni. Onse ankangomutchula kuti Masupuni, chifukwa m'kathumba ka pamkono wa jekete lake loyera simunkasowa masupuni awiri. Ina inali yolawira, ina yopakulira, ndipo ziwirizi sizinkasinthana ntchito ngakhale kukhitchini kutayaka moto. Zaka khumi ndi zinayi akuphika, mkuluyu ankadyetsa anthu mazana awiri pa tsiku, ndipo mbale ikabwerera ili ndi chakudya ankaitsatira mpaka kusinki kukaona chimene mlendo wasiya. Ndiye taganizani, munthu wotereyu kukanidwa chakudya ndi kamunthu ka miyezi isanu ndi umodzi, kopanda ndi dzino lomwe.

Kamunthuko kanali mwana wake woyamba, wamkazi. Ankamutchula kuti Dona, poti m'nyumbamo wolamula anali iyeyo.

Nkhani yonse inagona pa Lolemba. Mkazi wa Masupuni ankasoka kufakitale ya mayunifolomu a ana asukulu, ndipo tchuthi chake cha uchembere chinkatha Lamlungu. Makina amene ankasokera, a pawindo, anawapeza atakhetsa thukuta: zaka zitatu anangokhalira kudula ulusi ndi kusita makolala asanapatsidwe mpando. Kapitawo anali atanena mosapsatira kuti Lolemba belu likalira mpandowo uli wopanda munthu, pakhala wina, poti odula ulusi ouyang'anitsitsa analipo asanu ndi awiri. Nawonso amayi olera ana a mumsewu wakuseri, amene anavomera kumasunga Dona masana, anali ndi lamulo lawo: mwana wosadya ndi supuni salandira. Botolo Dona anali atalikana kalekale. Ankalikankha ndi manja ndi miyendo yomwe.

Chopweteka kwambiri n'chakuti njira yothawira inalipo, koma anaitseka ndi Masupuni yemweyo. Mwezi wapitawo mkazi wake anabwera ndi fomu yopempha kuwonjezera tchuthi ndi mwezi umodzi. Masupuni anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mayi a Dona, mwaiwala kuti munakwatiwa ndi khukhi? Za kudya kwa mwana ndisiyireni ine. Masiku atatu okha, adzakhala akunyambita mbale."

Anadziguguda pachifuwa, fomu ija n'kuipinda kanayi, kuitsamiza pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera. Tebulo linasiyadi kugwedera, ndipo tsiku lomaliza lopereka fomu linadutsa.

Lachiwiri la sabata yomalizayo linali tsiku lachisanu ndi chinayi chiyambire nkhondoyi. Masupuni ataweruka masana anatsika basi pamsika n'kugula dzungu laling'ono, atagogoda maungu onse a mayi wogulitsayo mpaka mayiyo kumufunsa ngati akufuna kuligula kapena kulifunsira ukwati. Anakwera masitepe a nyumba yawo ya pamwamba, ya zipinda ziwiri, akulumpha awiriawiri.

Anapeza Dona ali pamphasa, akuyamwa chala cha kuphazi. Mwanayo ataona bambo ake anaseka nkhama zonse pamtunda, manja m'mwamba. Masupuni anamunyamula, kumununkhiza m'khosi, n'kumubwezera kwa mayi ake.

"Lero adya," anatero.

"Dzulo munateronso."

"Dzulo ndinalakwitsa ndi karoti, ali ndi kafungo. Lero ndi dzungu."

Analowa m'kakhitchini kawo, kopanikiza moti anthu awiri sangapatukirane, n'kuyamba monga ankayambira masiku onse. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono. Anachotsa pamsomali jekete loyera la panyumba, losita bwino, kumanga mabatani onse mpaka pakhosi, chipewa choyera kumutu, masupuni awiri m'kathumba. Bwana amene anamuphunzitsa ntchito ankati munthu wosavala zoyera asayandikire chakudya cha mnzake, ndipo Masupuni mawu amenewa anawasunga ngati lemba. Dzungu analiphika ndi nthunzi, kulisefa kawiri, n'kusakaniza ndi timkaka ta mayi ake tofinyira m'kapu. Polawa anatembenukira kukhoma, poti khukhi salawa mlendo akuona. Kenako anapakulira m'kambale n'kupukuta m'mbali mwake ndi kansalu.

Atangotulukira pakhomo la khitchini, kuseka kwa Dona kunazima. Milomo anaitseka kuti gwa, manja kufumbata, maso kutsinzina, mutu kupotokolera kumanzere. Masupuni anagwada, supuni n'kulondola kumanzereko. Mutu unathawira kumanja. Anaimba nyimbo. Analiza mluzu. Supuni anaisandutsa basi yofuna kulowa m'depoti, koma geti silinatseguke. Nsonga ya supuni itangokhudza mlomo, Dona anakuwa ngati amutsina, n'kukwirira nkhope pachifuwa cha mayi ake kufuna bere.

"Kasitomala wanu wabweza mbale," anatero mkazi wake. Masiku oyamba ankaseka akanena zimenezi, koma tsikuli sanaseke.

Masupuni anabwerera kukhitchini n'kulawanso dzungu lija, atayang'ana kukhoma. Linali bwino. Linali bwino kwabasi, ndipo chimenecho ndiye chinamuwawa mtima.

Lachitatu kuntchito mutu sunkagwira. Anathira mchere kawiri mu supu wa alendo, chinthu chimene sichinamuchitikirepo, mpaka anachita kuyambiranso poto yense. Nkhani ya Dona inali itawanda khitchini monse, ndiye aliyense anasanduka dokotala. Wophika buledi anati athiremo shuga. Woperekera zakudya wina, amene analibe ndi chibwenzi chomwe, anati amutsine mphuno, pakamwa patseguka pokha. Mlonda wa pageti naye anamuimitsa n'kumuuza kuti amusiye ndi njala tsiku lonse, adzadya ndi mbale yomwe. Masupuni ankangoti ndamva, ndamva, mtima ukuwira.

Amayi otsuka mbale, amene analera ana asanu, sanapereke malangizo. Anangomufunsa, manja ali m'thovu.

"Kodi achimwene, mukamamudyetsa mwanayo, inuyo mumakhala mukudya chiyani?"

"Ine sindidya, mayi. Ine ndimalawa."

"Nanga mayi ake?"

"Amakhala atamugwira."

Amayiwo anamuyang'ana kuchokera kuchipewa mpaka kunsapato, anapukusa mutu, n'kupitiriza kukwecha poto. Masupuni anaona ngati ndi funso la munthu wosadziwa zophika. Maganizo ake anali atathamangira kale ku mapeyala.

Mapeyalawo anakanidwa tsiku lomwelo. Lachinayi anazungulira mashopu anayi kufunafuna supuni yofewa ya ana, poganiza kuti mwina chitsulo chimamuzizira m'kamwa. Anaipeza, yofiira, yokhala ndi nkhope ya bakha. Dona anaikana ndi bakha yemwe. Anakana phala la mpunga, anakananso nthochi, nthochi imene ngakhale mwana wa pusi sakana. Mufiriji munadzaza timabakuli tamitundumitundu, tachikasu, tobiriwira, toyera, tolembedwa tsiku pachivundikiro monga amachitira kuhotela.

Mkazi wake anasiya kukhala pansi. Ankangozungulira m'nyumba Dona ali kumsana, kutulutsa ovolosi ya kuntchito, kuisita, kuipachika, kuitsitsanso. Foni ikalira ankadzidzimuka poganiza kuti ndi kapitawo. Kudya ankadya choimirira pasinki mwana akagona, chitseko atatseka kuti kulira kwa mbale kusamudzutse. Masupuni naye pofika kunyumba ankakhala atakhuta zolawalawa za kuntchito. Tebulo lija ntchito yake inali kusitirapo zovala ndi kuikapo makiyi.

"Ndikanangopereka fomu ija," anatero mkaziyo Lachinayi madzulo, akuyang'ana mwendo wa tebulo.

"Kwatsala masiku atatu."

"Masiku atatu munawatchula kale, bambo a Dona. Atatu anu aja lero akwana khumi ndi limodzi."

Masupuni anatuluka. Anatsika masitepe, kuzungulira nyumba yonse kawiri, n'kukweranso. Kunena zoona mkuluyu anali ndi mantha. Ankadziwa kuti mkazi wake akachotsedwa pa makina aja, mlandu umenewo sadzaufufuta ndi chakudya chilichonse chimene angaphike. Usiku usanafike anaimbira foni bwana wake kupempha kuti asapite kuntchito mpaka Lolemba.

Lachisanu linali tsiku la sikelo. Masupuni anapita nawo, akuganiza kuti mwina mwanayu ali ndi vuto la pakhosi limene anamwino angalione. Pabenchi ya kuchipatala Dona anakhala pamwendo pa bambo ake, amene anavala malaya a mizeremizere, ndipo ankacheza ndi aliyense. Anakoka mpango wa mayi woyandikana nawo, anasekerera kamwana kena ka chimfine, anayesa kudya khadi lake la sikelo. Kenako chitseko chinatseguka, namwino n'kutulukira. Yunifolomu yoyera mbee, mabatani mpaka pakhosi, kachipewa koyera, zolembera ziwiri m'kathumba.

Masupuni anamva thupi la mwana likuuma m'manja mwake. Anawerama kumuyang'ana. Milomo gwa, manja ofumbata, maso otsinzina, mutu kumanzere. Nkhope imeneyi ankaidziwa bwino. Inali yomwe ija ya dzungu, ya karoti, ya mapeyala.

"Musadandaule bambo," anatero namwinoyo akumulandira mwana. "Onse amatero akaona zoyerazi. Majakisoni aja sanawaiwale. Anthu amenewa ndi ochenjera kuposa ife."

Anamuyeza, kumuunika m'kamwa ndi katochi Dona akukuwa, n'kunena kuti pakhosi palibe vuto. Sikelo inali bwino, koma anati ayambe kudya ndithu, poti bere lokha silimukwaniranso.

Pobwerera mkazi wa Masupuni anaima pasiteji ya basi. Pamenepo anamuyang'ana chammbali.

"Masiku onsewa mwakhala mukumutulukira ngati jakisoni."

"Ndaona."

"Ndi masupuni m'thumba."

"Ndati ndaona, mayi a Dona."

Mkaziyo anayamba kuseka, kuseka kosaleka mpaka misozi, anthu a pasiteji n'kumacheuka. Masupuni manyazi anamugwira mpaka m'makutu, koma mtima unapepuka. Vuto linali litapezeka, ndipo analumbira chamumtima kuti mawa mbale iyera.

Loweruka anaphika atavala vesiti yokha ndi kabudula. Ankadziona ngati ali maliseche, ndipo kawiri konse dzanja linapita lokha pamsomali wa jekete. Anatulukira ndi kambale ka mbatata yosefa, mtima ukugunda. Dona sanatsinzine. Anamusekerera, kumugwira mphuno, kumukoka cheya cha pachifuwa. Koma supuni itafika anangoiyang'ana, milomo ili chitsekere. Masupuni anadikira kuti aseke, n'kulowetsa kansonga mwakuba. Dona anadabwa, anakwinya nkhope, n'kukankha mbatata yonse ndi lilime kutsikira pachibwano. Kuyambira pamenepo anasiya kuseka supuni ikakhala pafupi. Anayesa m'mawa, anayesa masana, ndipo zonse zinathera pa vesiti.

Chakumadzulo Masupuni anavala malaya n'kupita yekha kwa amayi olera ana kukapempha. Anawapeza akuanika timatiresi pachingwe, mayi onenepa, a mawu okhuthala. Anawafotokozera zonse, za jekete, za namwino, n'kuwapempha kuti amulandire Dona kwa sabata imodzi yokha, azolowera konko.

"Bambo, ine ndili ndi ana asanu ndi anayi ndi manja awiri," anatero amayiwo. "Bere loti ndimupatse akayamba kulira ndilibe. Ndinayesapo kamodzi kulandira wosadya. Analira tsiku lonse mpaka mawu kuuma, anzake onse n'kulira naye, ine n'kulira nawo. Sindidzayambiranso. Adye kaye, mubwere naye."

Anabwerera akuyenda mofulumira ngati ali ndi kopita, chonsecho analibe choti akanene kunyumba.

Lamlungu kunatentha. Pofika masana anali atayesa katatu, ndipo katatu konseko mbale inabwerera. Dona anali pamphasa pakati pa mapilo, akumenyetsa chidole pansi, wosadziwa kuti wagwira nyumba yonse pakhosi. Mkazi wa Masupuni anakhala pampando wa patebulo n'kutenga foni.

"Ndikuwalembera a kapitawo," anatero. "Ndi bwino ndiwauze ndekha lero kusiyana n'kuti mawa angopeza mpando."

"Dikirani kaye."

"Ndidikire chiyani? Makina ndi makina. Ndidzayambiranso kudula ulusi, ngati adzandilandire."

Mawu ake anali ozizira, opanda ukali, ndipo Masupuni akanakonda akanamulalatira. Anayang'ana zala za mkazi wake zikulemba, zala zodzaza zipsera za singano. Anakhala pansi pamphasa pomwepo, msana kutsamira mwendo wa tebulo, kambale ka dzungu kali m'manja. Chidzukire anali asanadye kanthu. Kuhotela anali asanapiteko masiku atatu, ndiye zolawa zija kunalibe, ndipo m'nyumba yake yomweyi sankadziwa n'komwe kuti anthu amadya nthawi yanji. M'mimba munalira. Anayang'ana dzungu lija, lachikasu, losalala, loti palibe adye, n'kuganiza kuti kutaya chakudya ndi tchimo. Anatunga supuni yodzaza n'kuika m'kamwa. Sanatembenukire kukhoma, poti mphamvu zotembenukira analibe.

Anatunganso. Ulendo wachitatu supuni ili m'njira, anamva m'thupi kuti wina akumuyang'ana. Dona anali atasiya chidole. Maso ake anatsatira supuni kuchokera m'mbale mpaka m'kamwa mwa bambo ake, n'kukhazikika pamenepo kuonerera chibwano chikuyenda. Masupuni anameza. Timilomo ta Dona tinayenda natonso, dovu n'kutsika.

"Mayi a Dona," ananong'ona osatembenuka. "Musatumize."

"Ndatsala ndi mawu awiri."

"Musatumize. Taonani kuno, koma mwakachetechete."

Anatunganso pang'onopang'ono, kuyasamula pakamwa ponse, n'kutafuna mochita kumveka, zinthu zoti bwana wake wakale uja ataona akanakomoka. Dona anaweramira kutsogolo, anatambasula dzanja, n'kuliviika m'mbale chikhatho chonse. Ukhukhi wa Masupuni unafuna kukuwa kuti dzanja m'mbale ayi, koma anadziluma lilime. Mwanayo anayang'ana zala zake zachikasu, anazipaka patsaya, pakhutu, kenako zinapeza pakamwa. Anakwinya nkhope. Ananyambita. Anakwinyanso, n'kuviikanso dzanja.

Supuni yachiwiri, yopakulira ija, inali pamphasa pafupi ndi bondo lake. Masupuni anaitola n'kutunga nayo pang'ono, yake ili kudzanja linalo. Anayasamula n'kudya yake. Dona anayasamula naye, ndipo supuni yachiwiri inangolowa, popanda nyimbo, popanda basi, popanda bakha. Theka linabwerera pachibwano koma theka linatsika. Masupuni anamva kakhosi kakumeza, kaphokoso kakang'ono zedi, ndipo pa zaka khumi ndi zinayi zonse zija panalibe mlendo amene anamuyamikapo chotero.

Inalowa ina, inalowanso ina. Iye akasiya kudya, Dona naye ankatseka pakamwa n'kumuyang'ana ngati akufunsa kuti nanga bwanji. Choncho anadya mosinthana, bambo imodzi, mwana imodzi, mpaka kambale kanayera.

Mkazi wake anali atatsika pampando n'kugwada pambali, foni ili pamphasa. Ankalira mosabisa.

"Akanadziwa bwanji?" anatero akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Chibadwire sanaonepo munthu akudya. Inu mumalawira kukhoma, ine ndimabisala kusinki. Ankaona ngati supuni ndi ya mankhwala basi."

Masupuni anakumbukira amayi otsuka mbale aja ndi funso lawo, ndipo manyazi anamugwiranso kachiwiri sabata imodzi.

"Ngakhale ine," anapitiriza mkaziyo, "chikwatiraneni, aka n'koyamba kukuonani mutakhala pansi m'nyumba muno mukudya."

Masupuni anatsegula pakamwa kuti atsutse. Anafufuza m'mutu tsiku limodzi lokha pa zaka zinayi za ukwati wawo. Anapeza masiku ambiri amene anamuphikira mkazi wake, n'kuima pambali manja ali kumbuyo kudikira kuti amve ngati mchere wakwana. Tsiku loti anakhala naye pansi sanalipeze. Zinamupweteka kuposa mbale zonse zimene Dona anabweza.

Anadzuka. Anachotsa makiyi ndi ayironi patebulo, kulipukuta, n'kulowa kukhitchini ndi vesiti yake yamadontho achikasu. Anakazinga mazira, anaphika mpunga, n'kubweretsa mbale ziwiri. Mkazi wake anafufuta uthenga uja chilembo chimodzichimodzi, Dona ali pamwendo akuyang'ana pakamwa pa uyu ndi pa uyo. Fomu ija anaisiya pomwe inali, poti tebulo lodyerapo silifunika kugwedera.

Lolemba anadzuka kusanayere bwino. Pofika sikisi anali pageti pa amayi olera ana, mkazi wake atavala ovolosi ija, Masupuni atanyamula Dona ndi bakuli la dzungu losefa kawiri. Jekete anali atalipinda m'chikwama, pansi penipeni. Njira yonse ankabwereza chamumtima malangizo oti akawapatse amayiwo.

"Mayi, wayamba kudya," anatero, "koma pali ndondomeko yake. Choyamba, musavale zoyera. Chachiwiri, pafunika masupuni awiri. Muziyamba mwadya inuyo iye akuona, kenako..."

"Bambo," anamudula amayiwo, "mwabwera kudzandiphunzitsa ntchito? Mukuganiza kuti thupi lonseli ndinalitola kuti? Ine ndimadya kasanu ndi kanayi m'mawa uliwonse. Bweretsani kuno munthuyo tione."

Pakhonde panali mphasa yaikulu, ana anayi amene anafika kale atakhala mozungulira, aliyense ndi kambale kake ka phala. Amayiwo anakhala pansi ndi kubuula, n'kumukhazika Dona pamwendo. Masupuni anasuzumira mumphika ndipo mtima unamulumpha. Phalalo linali losasefa, la mibulu yooneka ndi maso.

"Mayi, ndabweretsa lake, losefa..."

Palibe anamumva. Dona ankayang'ana anzake, pakamwa panayi pakuyenda nthawi imodzi, phala m'masaya, phala m'tsitsi. Amayiwo anatunga supuni n'kudya okha mokweza, kenako anatenga ina. Dona anayasamula asanauzidwe. Anameza phala la mibulu lija, anakwinya pang'ono, n'kuyasamulanso.

"Uyu ndiye mumati sadya?" anatero amayiwo. "Pitani kuntchito, mukundichedwetsa."

Mkazi wa Masupuni anamupsompsona mwana pamutu mothamanga, anamufinya mwamuna wake pamkono, n'kuliyatsa liwiro kulowera kusiteji, poti basi ya kufakitale inali itayamba kuliza hutala. Masupuni anamuona akukwera, chitseko n'kutsekeka. Belu la seveni likamupeza ali pampando wake wa pawindo.

Iye anatsala pageti. Anaitana Dona kamodzi kuti atsanzike, anaitananso kachiwiri. Dona sanacheuke. Maso ake anali pa supuni ya amayi aja, pakamwa pali yasa kudikira. Masupuni anasangalala, inde, koma nsanje inamubaya ndithu, nsanje yeniyeni, yochitira phala la mibulu. Masiku khumi ndi anayi anapempha kuti mwanayu atsegule pakamwa, ndipo tsopano ankatsegulira aliyense.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pasiteji, bakuli lili m'manja, likadali lofunda. Basi yake inali isanabwere. Anakhala pabenchi pakati pa anthu opita kuntchito, anatsegula bakulilo, anapisa m'chikwama n'kusolola supuni imodzi m'kathumba ka jekete, osayang'ana n'komwe kuti ndi yolawira kapena yopakulira. Mayi wina amene anakhala pambali pake anamuyang'ana modabwa, bambo wamkuluwamkulu akudya dzungu la mwana m'mawa anthu akuona. Masupuni anapitiriza kudya mpaka bakuli linayera.